Nkhanu za ku Janes Island

Amene muli ku Maryland kapena ku Washington DC, ku America, ndipo mwapukwa madzi, kayeseni Janes Island State Park, kufupi ndi tauni ya Crisfield. Mukangooloka mlatho wa Chesapeake Bay, umene amalipiritsa popita pokha, kwatsala minda ya chimanga ndi makola a nkhuku mpaka kukafika.

Matenti amamanga kumtunda, m'mbali mwa ngalande ya Daugherty Creek. Chilumbacho chili tsidya lina, mbali yaikulu ndi dambo la madzi amchere, lopanda msewu, koma muli tinjira ta m'madzi topitirira mamailosi 30, toikidwa zizindikiro. Ine wokulira ku Nkhotakota nkhafi ndimaidziwa, koma kuno madzi amakwera ndi kuphwa kawiri patsiku. Funsani nthawi yake musanakankhe kabwato ka kayaki, apo ayi mukatitimira m'matope.

Madzulo ndikuvundula nsima pa kasitovu, achikulire ena a tenti yoyandikana anaima n'kumayang'ana mthiko. Anafunsa chimene ndikuphika, ndinawafotokozera, iwo anangoti, "Bwera nayo kuno, mwana wanga." Patebulo anali atayala nyuzipepala, n'kukhuthulirapo mulu wa nkhanu zofiira, zotentha, zowazidwa zokometsera za tsabola zotchedwa Old Bay. Anazigwira okha masana, nyambo yake makosi a nkhuku omangirira ku chingwe. Zinandiwawa ndithu, khosi lathunthu kuponyera nkhanu! Anandipatsa kanyundo kamtengo, nandionetsa potsegulira chigoba ndi zoyenera kutaya. Anatinso yaikazi yonyamula mazira amaibwezera m'madzi, lamulo silinyengerera. Ntchito ndi yambiri, kanyama kochepa, zala kuyabwa ndi tsabola, koma kukoma kwake kosaneneka. Akazi awo anatema nsima ndi foloko kaye, kenaka ataona mmene ndikuchitira anayamba kuumba mbamu ndi dzanja, n'kumasunsa mu batala wosungunula. Tinakhala mpaka mdima, osafunsana ngakhale ntchito zimene timagwira. M'tauni anthu oyandikana nawo khomo amangokugwedezera mutu chaka chonse. Kodi mpaka munthu akagone pansi m'tchire kuti aitanidwe ku chakudya?

Chimene sindingachikhululukire ndi tizilombo. Udzudzu ulipo wochuluka, koma oipitsitsa ndi ntchentche za mitu yobiriwira zimene zimaluma dzuwa likuswa mtengo, mpaka magazi. Mankhwala opopera sizimawaopa kwenikweni. Tengani malaya a manja aatali, ndipo ngati mungathe pitani mu Okutobala, osati mu Julaye.