Zikomo akulu anga a ku Chilenje, lamba uyu ndi wa tonse awiri

Usiku wathawu tulo sindinatione bwino. Lamba wabuluu wa masewera olimbana a jiu-jitsu amene andimanga dzulo pondikweza kuchoka pa woyera ndamukoleka pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo ndakhala ndikudzuka kumuyang'ana. Thupi lonse likuwawa, koma ndati ndilembe mtima usanazizire.

Ambiri mukudziwa za mu February, sindibwereza zonse. Inali raundi yomaliza, mvula ikusokosa pa malata. Tili chiimire, mnyamata wina watsopano anandilumphira kuti anditsekere m'miyendo yake, ndiye thupi lake lonse linatera pambali pa bondo langa lakumanja. Bondo linapindikira m'kati, ndinangomva kuti thyo! Adokotala anati mtsempha wa mbali ya m'kati mwa bondo, umene amautcha MCL, wang'ambika koma sunaduke wonse. Anandifotokozera kuti umenewu umalandira magazi okwanira, ndiye ukaumanga bwino umapola wokha. Ukanakhala mtsempha wa pakati pa bondo, umene amautcha ACL, bwenzi tikukamba za opareshoni ndi miyezi 9 kapena kuposa ndisanabwerere pa mati amene timalimbanirapo. Ndinakhala masabata 6 m'chomangira bondo, kuyendera ndodo. Mulungu ndi wabwino, sindikuiwala zimenezo.

Mayi a kunyumba, zikomo. Munandifunditsira madzi m'mawa uliwonse, kundigwira mkono popita kosamba, osandinenapo ngakhale kamodzi kuti tinakuuzani. Anzanga a ku shopu ku Kamwala amene munasenza makatoni a gawo langa miyezi iwiri yathunthu, zikomo. Amayi a physio amene munandipinditsa bondo misozi ili m'maso, nthawi ija ndinkakuonani ngati ankhanza, lero ndikukwera masitepe chifukwa cha inu. Amama ku Katete, mapemphero anu a m'bandakucha anafika. Ndikudziwa mumafuna ndisiye masewerawa, tidzakambirana ndikabwera.

Koma akulu anga a ku Chilenje, inu ndiye sindikudziwa poyambira.

Si inu m'bale wanga wa magazi. Tinangokumana pa mati, inu muli ndi lamba wapepo wa odziwa kale masewerawa, ine woyera wa oyamba kumene. Koma usiku uja ndinu munandinyamula kundiika m'galimoto, gi yanu, chovala cha masewerawa, ili chinyowere thukuta, n'kukhala nane pa benchi ya kuchipatala mpaka pakati pa usiku. Mutaona kuti mu minibasi mwendo wowongoka ulibe poukhazika, munayamba kudzanditenga ku Kabwata kawiri pa sabata kupita nane ku physio. Ndalama ya mafuta munaikana katatu konse.

Izozo anthu anaziona. Chimene sanachione ndi cha mu July.

Bondo linali litapola, a physio atandilola kubwerera. Ndinavala gi, kumanga lamba, kufika pakhomo pa jimu, basi miyendo n'kulemera. Masiku atatu otsatizana ndinangokhala chotsamira khoma, kunamizira kuti ndikudziwongola. Awiri akamagubuduzana kuyandikira pamene ndili, ndinkakokera mwendo pachifuwa msangamsanga, mtima uli phaphapha. Usiku ndinkalimvanso phokoso lija m'makutu. Mantha amenewa sindinauze munthu, ngakhale mayi a kunyumba. Ndine bambo wa ana awiri, ntchito yanga ndi yoimirira tsiku lonse. Ndinkadzifunsa kuti likathyokanso, ana adya chiyani?

Tsiku lachinayi munabwera n'kukhala pansi pambali panga. Simunandifunse kuti vuto n'chiyani. Munangoti, "Achimwene, tiyeni tiyambire pansi, chokhala. Zoimirira tiziona mtsogolo." Raundi yonse ya mphindi 5 munayenda ngati nkhono, dzanja lanu limodzi lili pa bondo langa kuti lisapotoke. Nditangokhudza mkono wanu pang'ono, ndisanaukoke n'komwe, inu munachita tap, kuja kogunda ndi dzanja posonyeza kuti wagonja. Ndinadabwa. Munati mukufuna ndione kuti munthu wa lamba wapepo amagonja msanga ndipo mawa amabweranso ali bwinobwino.

Tsiku lomwelo m'galimoto ndi pamene munandisimbira za Hélio Gracie, mmodzi wa oyambitsa jiu-jitsu ya ku Brazil. Mu 1951 ku bwalo la Maracanã ku Rio de Janeiro, Masahiko Kimura wa ku Japan anamupotokola mkono, Hélio n'kukana kugonja, mkono n'kuthyoka, mpaka a kumbali yake anaponya thaulo povomereza kugonja. Kagwiridwe kameneko mpaka lero timakatcha kimura. Munati ambiri amasimba nkhaniyi potama kulimba mtima, koma ife amene Lolemba m'mawa tikufunika ku ntchito, tiziona mkono wothyokawo. Mawu amenewo anandikhala.

Miyezi itatu mwakhala mukundiyendetsa choncho, ndipo zambiri zimene munandiuza ndikanazimva kale bwenzi February atadutsa mwamtendere. Kuti kukana raundi si mwano, ukaona munthu amagwira ndi ukali umangoti lero ayi. Kuti woopsa pa mati nthawi zambiri si wa lamba wakuda, ndi watsopano wamphamvu amene sadziwa kumene thupi lake likugwera. Kuti wina akagwira chidendene n'kuyamba kupotoza, usadikire ululu, chifukwa bondo limawonongeka ululu usanakuchenjeze mokwanira. Kuti akakukola pakhosi, manja ali otsekeka, menya mati ndi phazi kapena fuula kuti tap. Ngakhale zazing'ono simunazisiye: kuwenga zikhadabo, kuchapa gi tsiku lomwelo, kukhala kunyumba ukaona chipere pakhungu kuti usagawire anzako. Munandionetsanso kuti m'malamulo a IBJJF, bungwe loyendetsa mipikisano ya jiu-jitsu, munthu wa lamba woyera saloledwa n'komwe kulumphira mnzake mmene anandilumphira ine muja. Akochi nawonso zikomo, chichitikireni ngozi ija munaletsa zimenezi kwa onse atsopano, ndipo mumaima pafupi akamalimbana. Wakutsina khutu ndi mnansi, ine ndatsinidwa ndipo ndamva.

Pali ena, sinditchula maina. Tinkadyera limodzi, kujambulitsa limodzi tikamaliza masewera, koma bondo litavulala ngakhale ka uthenga ka pa WhatsApp sikanabwere. Ena munkati ndi zimenezo, munthu wamkulu kumagubuduka pansi ngati mwana. Ndinazimva zonse, Lusaka ndi yaing'ono. Sindikusungirani kanthu, kungoti tsopano ndikudziwa pamene ndingatsamire. Mnyamata wondilumphira uja, ngati ukuwerenga izi, sindinakukwiyire. Sunkadziwa, inenso sindinkadziwa. Unasowa chifukwa cha manyazi, ndamva. Bwerera, malo alipo.

Dzulo akochi atanditchula dzina, ndisanaimirire n'komwe, maso anga anafuna inu akulu. Munali pakona paja mumakonda kukhala, mukuomba m'manja pang'onopang'ono. Raundi zonse za dzulo ndinayambira chiimire, ndipo bondo silinanjenjemere. Mantha sanatheretu, wina akasuntha mwadzidzidzi pafupi ndi mwendo wanga mtima umadumphabe. Koma ndikulowa pa mati.

Ambuye Mulungu, munthu uyu mum'sungire mawondo ake, msana wake ndi banja lake. Pamene iye adzagwe, mundipatse mphamvu ndidzakhale woyamba kufika.

Akulu anga, Loweruka likubwerali musakonze zina. Mayi a kunyumba agula kale nkhuku ya kumudzi ku Soweto Market, chibwabwa chotendera chidzakhalaponso. Mubwere ndi alamu ndi ana onse. Ndipo envulopu ya mafuta ija ikudikira pa tebulo, ulendo uno chonde muilandire.