Mpunga wa azakhali ndi if yanga yoyamba

Azakhali anga amagulitsa mpunga ku Chinamwali, ku Zomba, ndipo lamulo lawo silivuta: wogula makilo 10 kapena kuposa apo amamutumizira pa kabaza ulere, wogula makilo 50 amamuchotseranso mtengo. Nditangoyamba kuphunzira JavaScript, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndinati ndiwapangire katsamba ka pa intaneti kowerengera zimenezi.

M'chinenero chimenechi if ndi "ngati", else ndi "apo ayi". Ndinalemba if (makilo >= 10) pamwamba, else if (makilo >= 50) pansi pake, kenako else ya ogula pang'ono. Chizindikiro chili pakati pa makilo ndi nambalacho chimatanthauza "kufanana kapena kuposa". Kuyesa ndi 60, mtengo osatsika. Kani kompyuta imayambira pamwamba, ikapeza funso loyamba lomwe yankho lake ndi inde imachita zomwezo, zotsalazo osaziyang'ananso. 60 amaposa 10, nkhani yathera pomwepo. Ndinangosinthanitsa, 50 pamwamba, 10 pansi.

Vuto lachiwiri ndiye linandidyera usiku. Ndinaika timabokosi tiwiri, ka Kilombero ndi ka Faya, kuti munthu alembe makilo a mtundu uliwonse. Ndinalemba 5 uku, 5 uku. Tsamba lija linachotsa mtengo ngati kuti munthuyo wagula thumba lathunthu! Ndinaiwerenga if ija mpaka maso kuwawa, koma inalibe mlandu. Nditadina F12 pa Chrome (batani lotsegula poonera za mkati mwa tsamba) n'kulemba console.log(makilo), lamulo loonetsa zomwe zasungidwa mu makilo, panatuluka 55. Zimene munthu walemba m'kabokosi ka input zimabwera ngati mawu, osati nambala, ndiye chizindikiro cha + m'malo mophatikiza chimangomata: 5 ndi 5 kukhala 55. Mankhwala ake ndi Number(), kukulunga nayo chilichonse chochokera m'bokosi musanaphatikize. Zitatero panatuluka 10.

Samalaninso ndi = mmodzi. Ameneyu amaika chinthu, safunsa. Pofunsa ngati zinthu ziwiri zikufanana lembani ===.

Loweruka ndinakawaonetsa azakhali pa foni. Anayesa 9, anayesa 10, akugwedeza mutu, kenako anandiyang'ana.

"Nanga iwe, wa ku Domasi akagula makilo 10, wakabazayo umulipira ndiwe?"

Sindinaliganizire limenelo. Ndinakhala pathumba la mpunga pomwepo, laputopu pamiyendo, n'kuwonjezera kabokosi kosankhira dera. Funso lija linasanduka makilo >= 10 && dera === "tauni", pakuti && amafuna kuti mbali zonse ziwiri zivomere. A ku Matawale alandira ulere, a ku Domasi alipira kabaza.