Zikomo nonse amene munandibwezera ku mgaiwa

Dzulo ndinakwera pa sikelo ya kuchipatala ndipo inaima pa makilogalamu 81. Chaka chatha mwezi ngati womwe uno inkaima pa 96, BP ili m'mwamba, shuga atayandikira, ndipo masitepe a ku ofesi ndinkachita kupumira pakati ngati ndasenza mtolo wa nkhuni. Ndiye lero ndati ndithokoze poyera, anthu amve.

Ndiyambe ndi anamwino amene anandikhazika pansi tsiku lija. Sanandikalipire ayi. Anangofunsa kuti, "Mayi, dzulo munadya chiyani kuyambira m'mawa?" Ndinawerenga zonse: tiyi wa shuga masupuni atatu ndi buledi woyera, masana chipisi cha nkhuku ndi chakumwa chozizira, madzulo nsima ya ufa woyera ndi nyama. Iwo anapukusa mutu n'kunena kuti, "Inu munakhuta, koma anzanu a m'mimba munawagoneka ndi njala." Ine ndinkayesa akunena njoka za m'mimba, mpaka manyazi anandigwira. Koma iwo ankanena mabakiteriya. M'thupi mwa munthu muli mabakiteriya pafupifupi mathiriliyoni 38, ambiri mwa iwo ali m'matumbo aakulu, ndipo chakudya chawo ndi zija mimba yathu imalephera kugaya: madeya a chimanga, makoko a nyemba, timitsitsi ta m'masamba. Akadya zimenezi amatulutsa zinthu zimene zimalimbitsa khungu la m'kati mwa matumbo, zina zimathandiza thupi kumva kuti lakhuta. Ufa woyera uja ndinkanyadira, wokonola, woviika, woyanika pamphasa, madeya ake onse ndinkapatsa nkhuku. Nkhuku zanga zinkadya bwino kuposa ine.

Mwana wanga wachisamba, zikomo kuti sunatope ndi mafunso anga. Ndiwe unandiwerengera za kafukufuku wa gulu la Jeffrey Gordon ku Washington University mu mzinda wa St. Louis. Mu 2013 anatenga mabakiteriya a m'matumbo mwa mapasa, mmodzi wonenepa kwambiri wina woonda, n'kuwaika mwa mbewa zimene zinakulira m'malo opanda mabakiteriya ngakhale pang'ono. Mbewa zinkadya chakudya chimodzimodzi, koma zimene zinalandira za wonenepa uja zinasunga mafuta ambiri. Chimene chinandigwira mtima ndi chotsatira chake. Ataika mbewazo m'khola limodzi, mabakiteriya a woonda analowerera mwa zinzakezo n'kuziteteza kuti zisanenepe, koma izi zinkatheka pokhapokha chakudya chikakhala cha masamba ndi zipatso zambiri, mafuta ochepa. Pa chakudya chonona sanakhazikike. Paja udandichenjeza kuti zimenezo ndi mbewa, osati anthu, ndisathamangire kugula mabotolo a mankhwala otsatsidwa pa Facebook. Ndinakumvera.

Unandiuzanso kuti mu 2012 gulu lomweli linayerekeza anthu a m'midzi ya kuno ku Malawi, mbadwa za ku Amazonas ku Venezuela, ndi anthu a m'mizinda ya ku America. Amene anapezeka ndi mitundu yochepa ya mabakiteriya m'matumbo anali a ku America aja. Ndinakhala chete. Zaka zonsezi ndimavutikira kuti ndizidya ngati iwo.

Apongozi anga, Amayi, kwa inu ndigwada. Mutamva nkhaniyi simunafunse za mabakiteriya, munangoti, "Kodi a kuchipatala akuti udye zimene ndakhala ndikukuuza?" Sabata isanathe munafika ndi thumba la mgaiwa, nandolo, khobwe, mfutso ndi nsinjiro m'chigubu. Ndimakuonanibe mutakhala pakhonde, miyendo mutatambasula, mukusadzula nkhwani tsamba limodzilimodzi uku mukundiseka kuti ndinaiwala kutendera. Munandiletsa kuthira soda wambiri mu therere. Munandiphunzitsanso kuti nyemba aziviika usiku wonse n'kutaya madziwo, ndipo pamenepo munapulumutsa banja, chifukwa masabata awiri oyambirira mimba inkangolira ngati mvula ikubwera.

Bambo a kunyumba, munapirira zimenezo osadandaula. Ana atayamba kunyinyirika kuti nsima yakuda ndi ya kusukulu yogonera komweko, inu munatema mbamu yoyamba n'kunena kuti ndi imene inakukulitsani. Ndikudziwa kuti ufa woyera mumaufunabe, ndipo Lamlungu ndimakuphikirani.

Amayi anzanga amene timayenda limodzi mbandakucha, zikomo, chifukwa si mgaiwa wokha unatsitsa sikelo. Zikomonso kwambiri pondiyankhira kwa anthu. Kuno munthu ukayamba kuonda, malonje amasintha. "Kodi mukupeza bwino?" Ena sankafunsa n'komwe, ankangoyang'ana chilundu changa n'kunong'onezana. Pamene ndinali pa 96, ndikupuma movutikira, ndi pamene ankati bambo akundisamala. Zinkandiwawa, ndipo tsiku lina ndinatsala pang'ono kuzisiya. Mmodzi wa inu anangondigwira dzanja n'kunena kuti, "Asiyeni, mapilitsi a BP sadzakumwerani ndi iwo."

Mankhwala ndikumwabe monga anandilembera, ndipo ulendo wina wa kuchipatala uli pa miyezi itatu ikubwerayi. Amayi, mgaiwa watsala wa masiku anayi okha. Ndatuma mdzukulu wanu abwere Loweruka ndi thumba lija.