Nkhunda zanga, sabata ya 9: ulendo wa ku Chinkhoma

Loweruka ndinanyamula nkhunda zisanu ndi imodzi m'dengu, n'kumangirira pa keriyala ya njinga, ulendo wa ku Chinkhoma. Kanali koyamba kupita nazo kutali chonchi, m'mbuyomu ndinkangothera kuseri kwa phiri la Kasungu. Ndinazimasula 7 koloko m'mawa, kumwamba kuli mbee. Zinazungulira kawiri, kenako zonse zinalunjika kumpoto, komwe kuli kwathu. Pofika kunyumba, thukuta lili kamukamu, mayi a kunyumba anati zisanu zafika kalekale, madeya zamaliza.

Zakumpotozo sizinandidabwitse. Nkhunda imayang'ana dzuwa, ndipo m'mutu mwake muli ngati wotchi yoiuza pomwe dzuwa liyenera kukhala pa ola limenelo. Wasayansi Klaus Schmidt-Koenig wa ku Germany ankatsekera nkhunda m'chipinda, n'kumayatsa ndi kuzimitsa magetsi mosemphana ndi dzuwa ndi maola 6. Atazimasula, zinkalowera chammbali, kuphonya ndi madigiri pafupifupi 90. Kukachita mitambo zimadaliranso mphamvu ya maginito ya dziko: mu 1971 William Keeton wa ku yunivesite ya Cornell ku America anamata timaginito pamsana pa nkhunda, ndipo tsiku la mitambo zinasokonezeka.

Wandiganizitsa ndi Kamphale, kankhunda kakang'ono pa zonse. Mwana wanga anakaona cha m'ma 11 kakuzungulira pamwamba pa mudzi, kupita kudambo, kubwerera, kupitiriranso. Kanatera pakhola madzulo, katatopa zedi. Mtunda wonse uja kanautha bwinobwino, n'kudzasochera pakhomo penipeni!

Zikuoneka kuti kulunjika kwanu uli kutali ndi ntchito ina, kuzindikira khomo lako ukayandikira ndi inanso. Yachiwiriyi imagwiridwa ndi mbali ya ubongo yotchedwa hippocampus, yomwe imasunga zizindikiro za malo: mtengo uwu, denga lija, chulu chakuti. Verner Bingman ndi anzake anapeza kuti nkhunda zoonongedwa mbali imeneyi zimanyamuka molondola ndithu, koma zikafika kufupi ndi kwawo zimavutika kupeza khola. Kamphale ubongo wake ndi wabwino, kungoti sikanauluke mokwanira pamudzi pano. Chinanso, mabulugamu aatali a kuseri kwa khola anadulidwa sabata yomweyo, nkhuni zochizira fodya. Nkhunda zikuluzikulu zili ndi zizindikiro zambiri zosungira m'mutu, iko mwina kankadalira mitengo yomweyo. Apa ndikungoganiza ine, koma cholakwa ndi changa, ndinakafulumizitsa.

Agogo atamva anangoti, "Nkhunda sikhala pakhomo pa ndewu, mudzifunse nokha." Mayi a kunyumba anaseka mpaka kutaya chipande.

Sabata ino Kamphale sikapita kutali. Ndizikatulutsa m'mawa uliwonse kasanadye, kazizungulira mudzi mpaka kauloweze, ndipo denga la khola ndalipaka laimu kuti lizionekera patali. Zinazo Loweruka likudzali tikuyesa njira ya ku Mtunthama, kum'mawa, komwe sizinapiteko. Chondidetsa nkhawa ndi kabawi amene wayamba kuzungulira kudambo kuja.