Fyuluta ya goldfish: matanki anayi a sabata ino

Lolemba m'mawa ntchito inayambira pa ofesi ina mu Blantyre, pomwe pali thanki ya malita 120 yokhala ndi goldfish zinayi za mtundu wa oranda. Zonse zinali pamwamba, kukamwa kuli yasa, ndipo imodzi inali ndi timizere tofiira kumchira. Madzi anali oyera mbee, koma nditayeza, amoniya, poizoni wochokera ku zoipa za nsomba, anali pa 1 mg pa lita, pomwe amayenera kukhala 0.

Vuto linali fyuluta. Pabokosi pake analemba kuti imakwanira thanki ya malita 120, koma imapopa malita 300 okha pa ola. Mlingo umenewo ungakwanire tinsomba ting'onoting'ono ngati guppy. Goldfish ilibe chifu chenicheni, imadya kosalekeza, imafukula mchenga, ndipo zoipa zimene imatulutsa n'zambiri. Ikakhala fyuluta yokoleka m'mphepete mwa thanki, ndimafuna yoti izungulitse madzi onse ka 8 mpaka 10 pa ola, choncho pano pankafunika malita 960 mpaka 1,200. Ya canister, yomwe ndi chitini chotsekedwa chokhala kunja kwa thanki, ingakwanire pa ka 5 kapena 6 chifukwa imanyamula zosefera zambiri. Dziwaninso kuti nambala ya pabokosi amaiyeza fyuluta ilibe kanthu m'kati; siponji ikalowa n'kugwira matope, mphamvu imatsika. Thankiyo nayonso inachepa: oranda yoyamba imafuna malita 75, iliyonse yowonjezera 40, ndiye zinayi zimafuna pafupifupi 200.

Ndinachotsa theka la madzi, n'kuthira atsopano okhala ndi mankhwala ochotsa klorini, ndipo ndinaletsa chakudya masiku awiri. Fyuluta yatsopano ndinaiika pambali pa yakale osachotsa yakaleyo, chifukwa mabakiteriya ochepa ochotsa amoniya amene alipo ali m'menemo.

Ya Lachitatu ndiyo inandiwawa mtima. Pamalo ena ogona alendo, fyuluta ndi yabwino ndithu, koma nitrite, poizoni wina wa m'madzi, anali atakwera. Bambo wosamala pamalopo anati, "Achimwene, siponji inali yakuda bii, ndiye ndinaichapa pampopi mpaka kuyera." Anachita ndi mtima wabwino, koma utoto wabulauni uja ndimo mumakhala mabakiteriya osandutsa amoniya kukhala nitrite, kenako nitrite kukhala nitrate yemwe si woopsa kwambiri, ndipo klorini wa m'madzi apampopi amawapha. Kachapidwe kake n'kotere: tungani madzi a m'thanki momwemo mu ndowa, finyani siponji katatu kapena kanayi, ibwezeni ikadali yoderako. Timiyala ta seramiki n'tongotsukuluza. Thonje lokhalo ndilo lotaya likatha, ndipo zosefera zisasinthidwe zonse tsiku limodzi.

Lachinayi magetsi anazima usiku wonse panyumba ina yomwe ili ndi canister. Chitini chotsekedwa chotere chikaima maola angapo, mpweya umatha m'kati ndipo mabakiteriya amayamba kufa. Nditachitsegula munatuluka fungo la dzira lowola. Magetsi akanayaka chisanatsukidwe, madzi amenewo akanalowa onse kwa nsomba. Akazima nthawi yaitali, zulani pulagi, tsegulani chitini, zosefera muziike m'thanki. Kumalo kozimazima magetsi ndimalangiza kuwonjezera fyuluta ya siponji yoyendera kapampu ka mpweya ka batire, makamaka mu Okutobala, pamene madzi otentha amasunga okosijeni wochepa.

Lachisanu inali yachidule: goldfish ziwiri za mtundu wa ryukin zinkakankhidwira pakona ndi mphamvu ya madzi. Zamimba yozungulira ndi michira yaitali sizitha kulimbana ndi mafunde. Sindinachepetse fyuluta, ndinangoika paipi ya tibowo tambiri yoloza kugalasi lakumbuyo, chapafupi ndi pamwamba.

Loweruka ndinabwerera ku ofesi ija. Amoniya watsika kufika pa 0.25, nitrite wayamba kuoneka, ndipo ndi mmene zimayendera fyuluta ikamakhwima, ndiko kuti mabakiteriya aja akamachuluka m'menemo. Zimatenga masabata 4 mpaka 6. Mpaka nthawi imeneyo, a pa ofesipo azisintha gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi masiku awiri alionse, kenako kamodzi pa sabata kuti nitrate asadutse 40 mg pa lita.