Tsiku limene mbuna zanga zinatsala pang'ono kukhala ndiwo

Kuno ku Chilomoni amandidziwa kuti ndine bambo uja woweta nsomba zosadyedwa. Pabalaza ndili ndi thanki yagalasi ya malita 200, ndipo muli mbuna zisanu ndi zitatu, tinsomba tam'miyala ta ku Nyanja ya Malawi, tina tabuluu tina tachikasu. Apongozi anga akabwera kuchokera ku Mangochi amaima patsogolo pake n'kupukusa mutu: "Ndiye inuyo mumadyetsa nsomba? Kwathu nsomba ndi zimene zimadyetsa anthu."

Mbuna zimadetsa madzi msanga, ndiye oweta nsomba amati pampu izizunguliza madzi onse a m'thanki kanayi kapena kupitirira pa ola. Pakatoni ya pampu imene ndinagula ku Limbe analembapo malita 1,500 pa ola, koma nambala imeneyo amayeza pampu isakukankha madzi chokweza. Paipi ikatalika kapena kukhota, mphamvu imatsika. Loweruka lina ndinati ndiyeze ndekha.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Umachotsa paipi mu fyuluta, chosefera madzi a m'thanki, n'kuilowetsa m'chigubu cha malita 20, n'kuwerenga masekondi mpaka chidzaze. Chigubucho chizikhala pamwamba, polingana ndi fyuluta, apo ayi ukudzinamiza wekha. Ndinachikweza pa shelefu. Pansi pa shelefuyo panali thumba la ufa woyera umene apongozi anali atangobwera nawo, koma maso anga anali pa sayansi.

Nditangodina wotchi ya pafoni, magetsi thii! Pampu zii. Ndinadikira kanthawi, kenako ndinati ndikagule mayunitsi a foni pa okala, paipi ndikuisiya m'chigubu momwemo. Kumeneko ndinapeza anzanga akukangana za Bullets ndi Wanderers, ndipo munthu wa ku Blantyre sangadutse mkangano umenewo osaikapo mlomo. Ana atakuwa kuti "Ayaka! Ayaka!" ine ndinakondwa nawo limodzi, n'kupitiriza kufotokoza za penate.

Ndikubwerera ndinakumana ndi madzi pakhonde, akutsika masitepe mwaulemu ngati mlendo wotsanzika. Patapata wanga anandidutsa akuyandama. M'nyumba chigubu chinali chikusefukira, ufa utasanduka phala losaphika, mbuna zitaunjikana pansi pa thanki m'timadzi tofika m'kakolo. Mayi a kunyumba anali atangozimitsa soketi, ataima ndi chikolopa, osayankhula. Bata limenelo ndimaliopa kuposa kukalipa.

Pakamwa panga panangotuluka funso lolakwika: "Magetsi ayaka nthawi yanji?"

"Papita mphindi khumi, bambo. Ife tinali kuseri, kuchapa zovala zanu."

Mutu unayamba kuwerengera wokha. M'thanki munatsala malita ngati 50, ndiye atuluka 150 pa mphindi khumi. Pa ola ndi malita 900, kanayi ndi theka. Ndinayiwala pamene ndaima, n'kufuula kuti, "Pampu ili bwino!"

Chikolopa chinatera m'manja mwanga osaona mmene chabwerera. Mpopi tsiku limenelo unkangodontha, moti ndinatunga zigubu zisanu ndi ziwiri kwa aneba, n'kuthiramo mankhwala ochotsa kolorini, nsomba zisafe. Ndikulowa ndi chigubu chomaliza ndinapeza apongozi atagwada pa thanki, poto ali pambali.

"Iyi yachikasuyi ikuoneka yatopa," anatero. "Tisadikire kuti iwonongeke."