Laputopu ya kalabu ya alimi inanditengera sabata yathunthu

Lolemba m'mawa, ndisanamalize n'komwe kusesa m'shopu yanga pa Kasungu boma, kunafika mayi wina wochokera kwa Chamama amene amasunga kaundula wa kalabu ya alimi a fodya. Laputopu yawo ya HP inkati ikaonetsa chizindikiro cha kampani, n'kuzima, n'kuyambiranso. Wina anali atawauza kale kuti mankhwala ake ndi kufomata basi, kutanthauza kufufuta zonse za mu disiki n'kuikamo Windows mwatsopano, ndipo iwo ankafuna kuti ndichite zomwezo msanga kuti asaphonye galimoto yobwerera.

"Mayi, maina a alimi ndi ngongole zawo za feteleza zinalembedwanso pena pake?" ndinafunsa. Atayankha kuti ayi, ndinawapempha kuti adzabwerenso Loweruka. Ndinachotsa hard disk, n'kuilumikiza pa kompyuta yanga, ndipo ndinakopera mafayilo onse ndisanachite china chilichonse. Chizolowezi chothamangira kufomata chimandipweteka mtima, chifukwa Windows munthu atha kuiikamo kangapo patsiku, koma kaundula wa zaka zingapo akafufutika ndiye kuti wapita.

Lachiwiri ndinayamba kuikamo Windows 11. Vuto loyamba silinandichedwetse: pulogalamu yoikira inakana disikiyo chifukwa inagawidwa mwa njira yakale ya MBR, pamene Windows 11 imafuna UEFI, njira yatsopano yoyatsira kompyuta, yomwe imayendera limodzi ndi kagawidwe katsopano ka disiki kotchedwa GPT. Ndinadina Shift ndi F10, ndinatsegula pulogalamu yogawira disiki ya diskpart, n'kuyeretsa disiki yonse kenako n'kuisandutsa GPT. Lachiwirilo ndinkaganiza kuti ndiweruka ntchito itatha.

Koma pulogalamu yoikirayo ili mkati mokopera mafayilo a Windows kuchokera pa fulashi, inaima n'kulemba nambala ya 0x8007025D. Nambala imeneyi kawirikawiri imasonyeza kuti zimene zikuchoka pa fulashi zikufika zitaonongeka, choncho ndinayamba kukayikira fulashi yanga, poti mafulashi achinyengo ndi ambiri pamsika. Ndinatenga ina, ndinaikonza ndi Rufus, pulogalamu yoikira Windows pa fulashi, ndinasintha ndi pobayira pomwe, koma inaimanso. Lachitatu ndinagula bandulo n'kutsitsanso Windows yonse pa intaneti, fayilo yoposa 5 GB, ndipo magetsi atazima masana ndinadikira mpaka madzulo. Nayonso inakanika, koma chimene ndinazindikira n'chakuti ulendo uliwonse inkaimira malo osiyana. Fayilo ikakhala yoonongeka, imayenera kuimira malo amodzimodzi.

Pakati pa zonsezi panabwera aphunzitsi ena ndi Dell yatsopano imene sinkaonetsa disiki iliyonse poika Windows. Malaputopu ambiri okhala ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 11 kupita m'tsogolo amatero, ndipo ndinangoikamo driver ya Intel RST, kapulogalamu kothandiza Windows kuona disikiyo, kuchokera pa fulashi, disiki n'kuonekera pomwepo. Mnyamata wina wa sukulu ndinamuuza zoona kuti laputopu yake ilibe TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo kamene Windows 11 imafuna, ndiponso kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025. Njira zozembera malamulowo ndikuzidziwa, koma sindikonda kupatsa munthu chinthu chimene sindingachiikire umboni mawa, ndiye tinagwirizana zoikamo Linux Mint, pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta m'malo mwa Windows.

Lachinayi ndinabwerera pa HP ija n'kuyesa RAM, momwe kompyuta imasunga kwakanthawi zimene ikugwira, ndi pulogalamu ya MemTest86. Pasanapite nthawi yaitali zolakwika zinayamba kuonekera zambirimbiri. Munali timatabwa tiwiri ta RAM, kalikonse ka 4 GB, ndipo nditatiyesa kamodzikamodzi, kamodzi kanapezeka kakufa. Nditakachotsa, Windows inalowa yonse osaimanso. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti kuzimazima kumene mayiwo anabwera nako kunayambira pa RAM yomweyi, moti akanangofomata, akanataya kaundula wawo vuto likadali pomwepo. Ndinathokozanso kuti mafayilo aja ndinawakopera pa kompyuta yanga, chifukwa akanadutsa mu RAM yodwalayo ena akanatha kuonongeka.

Loweruka mayi aja anafika, ndipo ndinawapempha kuti atsegule okha kaundulayo ndi kufufuza maina a alimi angapo amene amawakumbukira pamtima. Onse anapezeka. Ndinawafotokozera kuti 4 GB yotsalayo ndi muyeso wotsikitsitsa umene Windows 11 imalola, choncho makinawo azichedwa mpaka RAM ina imene ndaitanitsa ku Lilongwe itafika. Asananyamuke tinakopera kaundulayo pa fulashi yatsopano, ndipo anati akaisungitsa kwa wapampando wa kalabu.